Tikiti ya mwana wofufuza za m'nyanja si alawansi

Ndakhala chete masabata angapo, mukudziwa kale kuti nthawi yochonga mayeso munthu sapuma. Lero ndabwera ndi nkhani imene tinakanganirana mu sitafu rumu sabata yathayi, ndipo mpaka pano ikundizungulirabe m'mutu.

Mwa ana amene ndinawaphunzitsa Geography zaka zapitazo muli mtsikana wina, dzina ndisunga poti sindinamupemphe chilolezo. Anakulira kumudzi kopanda ngakhale dziwe lalikulu, ndipo nyanja ya Malawi anaiona koyamba ali Fomu 3 pa ulendo wa kalabu ya Wildlife. Panopa akumaliza digiri yachiwiri kugombe la Tanzania. Akufufuza za udzu umene umamera pansi pa nyanja yamchere, mmene tinsomba timabisala tikadali tating'ono. Mwezi watha ananditumizira uthenga pa WhatsApp: "Aphunzitsi, ntchito yanga ija aivomera kuti ndikaionetse ku msonkhano wa akatswiri. Ulendo uno thandizo lapezeka, tikiti andigulira kale."

Ndinasangalala ngati ndine ndikukwera ndegeyo. Pa nthawi ya tiyi ndinawauza anzanga. Achimwene ena a masamu, osachotsa n'komwe maso pa makope amene amachonga, anangoti, "Basi, wayamba kudya maalawansi ameneyo." Tonse tinaseka. Kenaka amayi ena amene ndimawalemekeza kwambiri anafunsa mosaseka: "Koma aphunzitsi, dziko lathu lilibe nyanja yamchere. Mwana akaphunzire za nyanja ya eni, akwerenso ndege pa ndalama za madona kukayankhula kwa azungu. Ndalama imeneyo ikanagula madesiki angati?"

Tsiku limenelo sindinayankhe bwino, belu linalira. Ndiye ndiyankhire pano.

Achimwene a masamu aja sindikuwadzudzula, chifukwa ndikudziwa kumene nthabwala yawo ikuchokera. Ife aphunzitsi misonkhano timaidziwa mwa mtundu umodzi. Kalata imafika, wopita amakhala amene ali pafupi ndi ofesi, mphunzitsi weniweni wa phunzirolo n'kutsala akugwira choko. Kumeneko chachikulu ndi pepala losainira lija la tsiku lomaliza. Ine ndemwe ndinapitako ku maphunziro a masiku atatu amene akanatha m'maola awiri, ndipo envelopu ndinalandira osachita manyazi. Choncho tikamva zoti wina wapatsidwa ndalama za ulendo wa ku msonkhano, m'maso mwathu mumabwera envelopu ija basi.

Msonkhano wa asayansi umayenda mosiyana. Sapita chifukwa bwana wakuloza chala. Miyezi ingapo usanachitike, umalemba mwachidule zimene wapeza pa kafukufuku wako, n'kutumiza. Anthu amene sakukudziwa amawerenga, ndipo akhoza kukukana. Akakuvomera, amakupatsa mphindi zowerengeka zoti uyankhule, kapena malo pakhoma oti upachike chipepala chachikulu chofotokoza ntchito yako, iwe n'kuima pambali pake ngati wogulitsa tomato, kudikira ofunsa. Ndipo amafunsadi. Gogo amene buku lake unaliwerenga uli chaka chachiwiri akhoza kuima pamenepo, kuvala magalasi, n'kukufunsa chifukwa chake unayeza malo atatu okha osati khumi. Mabungwe opereka thandizo la ulendo nawonso kawirikawiri amafuna umboni woti ntchito yako yavomerezedwa asanatulutse ngakhale tambala. Kwa mwana wongoyamba kumene, amenewa ndi mayeso ena, ndipo ena amabwerako atawonda.

Funso la amayi aja loti tilibe nyanja yamchere ndiye limandiwawa monga mphunzitsi wa Geography, chifukwa likusonyeza kuti penapake sitinaphunzitse bwino. Namondwe wa Freddy anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February 2023. Anawoloka nyanja yonse ya India, anamenya Madagascar, analowa ku Mozambique, anabwereranso panyanja kukatenga mphamvu pa madzi ofunda a pakati pa Madagascar ndi Mozambique, kenaka n'kudzalowanso cha ku Quelimane pa 11 March. Zimene zinatsatira ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu sindikufunika kukukumbutsani. Anthu oposa 600 anafa, ena mazanamazana sanapezeke. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza mu 2024 kuti Freddy anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo. Chaka cha 2022 mu January, namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 a magetsi. Mu March 2024 boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28, ndipo gwero lake linali El Niño, kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific, kutali kwambiri ndi munda wa agogo anu. Timawauza ana a Fomu 3 kuti namondwe amafuna madzi a panyanja ofunda madigiri pafupifupi 26 kapena 27 kuti abadwe. Iwo amaloweza, amakhoza mayeso, koma ife eni akefe tikafika mu sitafu rumu timati nyanja yamchere ndi ya eni. Ilibe gombe kwathu kuno, koma mvula yathu ndi maliro athu ena zimachokera komweko.

Tsono n'chifukwa chiyani ndalama zimenezi zimalunjika kwa achinyamata, osati kwa madokotala ndi mapulofesa amene akudziwa zambiri? Chifukwa akuluakuluwo ali kale ndi mapulojekiti awo amene muli ndalama za maulendo, ndipo ena amachita kuitanidwa, zonse zolipiridwa. Wongoyamba alibe chilichonse. Ali ndi kandalama ka sukulu kamene kamathera pa lendi ndi chakudya. Komanso sayansi ya za m'nyanja ndi yodula mwachibadwa: pamafunika boti, mafuta, zovala zomirira pansi pa madzi, makina oyezera. Lipoti la UNESCO la 2020 linapeza kuti mwa ndalama zimene maiko amaika pa kafukufuku, pafupifupi 1.7 peresenti yokha ndi imene imapita ku za m'nyanja. Pa kachigawo kakang'ono kameneko, ganizirani zimene zimatsalira mwana wa digiri yachiwiri ku Zanzibar, ku Maputo kapena ku Toliara.

N'chifukwa chake pali mabungwe amene anaona kuti mpata umenewu uyenera kutsekedwa mwadala. Kuno kuchigawo chathu kuli WIOMSA, bungwe la asayansi a za m'nyanja a kumadzulo kwa nyanja ya India, limene linakhazikitsidwa mu 1993 ndipo likulu lake lili ku Zanzibar. Kwa zaka zambiri, mothandizidwa kwambiri ndi dziko la Sweden, lakhala ndi thumba lotchedwa MARG, ndipo gawo lachitatu la thumbalo analipangira maulendo opita ku misonkhano. Padziko lonse pali SCOR, komiti imene inayamba mu 1957, yomwenso inakonza kafukufuku wamkulu woyamba wa maiko ambiri pa nyanja ya India kuyambira 1959 mpaka 1965. Iyonso kwa zaka zambiri yathandiza asayansi a m'maiko osauka kufika ku misonkhano, ndipo pamodzi ndi bungwe la POGO yatumiza achinyamata kukakhala mwezi umodzi mpaka itatu m'malabu a maiko ena kuti akaphunzire ntchito ndi manja. Bungwe la United Nations linapatula zaka za 2021 mpaka 2030 kuti zikhale za sayansi ya za m'nyanja, ndipo mkati mwake muli ndondomeko yapadera ya achinyamata ongoyamba ntchitoyi.

Pali chinthu china chimene ine chimandikhudza kuposa zonsezi, ndipo ndinachiona koyamba m'buku la nsomba za m'nyanja yathu yomwe ino. Tsegulani mayina a sayansi a mbuna ndi utaka. Mupeza Labeotropheus trewavasae, dzina lolemekeza Ethelwynn Trewavas, mayi wa ku Britain amene anali nawo pa kafukufuku wa nsomba za nyanjayi mu 1939. Mupeza Sciaenochromis fryeri, lolemekeza Geoffrey Fryer amene anagwira ntchito ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950. Anthu amenewa anagwira ntchito yaikulu, ndipo sindikuwachotsera ulemu. Koma amene ankapalasa bwato, kuponya ukonde ndi kuwauza kuti nsomba iyi imaswana mwezi wakuti, mayina awo ambiri sitiwadziwa. Mungaganize kuti zimenezo zinatha ndi atsamunda. Mu 2021 magazini ya sayansi ya Current Biology inasindikiza kafukufuku amene anaunika zolemba za matanthwe amoyo a m'nyanja aja amati makorali. Anapeza kuti pa zolemba zochokera ku kafukufuku wochitikira ku Indonesia ndi ku Philippines, pafupifupi 40 peresenti zinalibe dzina la wasayansi ngakhale mmodzi wa m'dziko mmene ntchitoyo inachitikira. Alendo amatera, amayeza, amanyamuka, n'kukalemba kwawo.

Zoterezi sizichitika chifukwa cha nkhanza zokha ayi. Nthawi zambiri pulofesa wa ku Ulaya akamakonza pulojekiti amaitana anthu amene amawadziwa nkhope, amene anamwa nawo tiyi pa msonkhano wina n'kuona kuti mutu wawo umagwira. Mwana amene sanaonekepo kulikonse saitanidwa, ngakhale atakhala kuti udzu wa pagombe limenelo amaudziwa kuposa wina aliyense. Tikiti ija ndiye imamuika m'chipinda mmene mayina amasankhidwa. Ife aphunzitsi tisanamizire kudabwa. Ndi angati mwa ife amene anapeza mwayi wochonga mayeso a dziko kapena wopita kukawonjezera maphunziro chifukwa wina anatikumbukira nkhope?

Ndipo nzeru zimayenda ndi miyendo ya anthu. Mu 2004 anthu a m'mudzi wa Andavadoaka, kumwera chakumadzulo kwa Madagascar, anayesa kutseka kwa miyezi ingapo malo ena ogwirako kanyama ka m'nyanja ka miyendo isanu ndi itatu kaja Aswahili amati pweza. Atatsegula anapeza kuti zogwidwazo zakula. Njira imeneyi inafalikira m'midzi ina ya ku Madagascar, kenaka ku chilumba cha Rodrigues ndi ku Pemba ku Tanzania, makamaka chifukwa asodzi ndi ofufuza ankayenderana n'kukaona ndi maso. Mwana wanga uja atandifotokozera zimenezi ndinamufunsa ngati anzakewo amadziwa za chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Anati ambiri sanamvepo. Akulu amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kumeneko mlendo wake ndi iyeyo, ndipo kalumo ali nako. Pakufunika wina woti akaime pakati pawo n'kunena kuti kwathu izi tinayamba kale.

Wina anena kuti masiku ano pali Zoom, bwanji osangokhala pansi n'kumvera pa kompyuta, ndege zikuwononganso mpweya. Mfundoyi ili ndi mutu, ndipo m'nthawi ya Covid mu 2020 ndi 2021 misonkhano yambiri inachitikadi choncho, anthu amene sakanatha kupita n'kumverako. Koma inu amene munayesapo maphunziro a pa intaneti mukudziwa mmene zimakhalira: magetsi azima pakati pa nkhani, bandulo yatha, mawu akudukaduka, ndipo ikangotha nthawi aliyense watseka kompyuta yake. Palibe amene amakukoka pambali n'kukuuza kuti, "Zitsanzo zakozo bwera nazo ku labu yathu, makina tili nawo." Chitsanzo china ndi ichi. M'nyanja zamchere za dziko lapansi muli timakina toyandama pafupifupi 4,000 totchedwa Argo, timene timamira mpaka mamita 2,000 n'kubwerera pamwamba masiku khumi alionse, kuyeza kufunda ndi mchere wa madzi. Zimene timapeza zili pa intaneti, zaulere, ngakhale ine ndikhoza kuzitsitsa. Koma kuti manambalawo ayankhule pamafunika munthu wokhala nawe pambali n'kukulozera pamene ukulakwitsa. Ngati ndege ziyenera kuchepa, ayambe kutsala ndi akuluakulu amene apita kale maulendo makumi atatu, osati mwana amene sanapiteko n'kamodzi komwe.

Musaganize kuti ndikuombera m'manja zonse. Pali zinthu zimene opereka thandizowa amalakwitsa, ndipo china mwana yemweyu chinamugwera chaka chatha. Ntchito yake inavomerezedwa pa msonkhano wina, bungwe lina linamulonjeza thandizo, koma mwa njira yoti ayambe walipira yekha tikiti, malo ogona ndi ndalama yolembetsera, adzamubwezera akabwerako n'kupereka malisiti. Amene anakonza lamulo limeneli mwina kwawo aliyense ali ndi khadi la ngongole la ku banki. Mwana wa mlimi wa chimanga akaitenga kuti ndalama yogulira tikiti ya ku Ulaya? Anayesa kwa amalume ake, anayesa kwa ine (ndinaseka mowawa, inu mukudziwa tsiku limene malipiro athu amathera), mpaka tsiku lomaliza kulembetsa linadutsa. Dzina lake linachotsedwa pa ndandanda. Pa mapepala a bungwelo mwina analemba kuti anapatsidwa mwayi koma sanabwere. Thandizo lobweza pambuyo limathandiza amene ali nazo kale. Onjezani apo kuti kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye m'bale wa ku Malawi amene akanakongoza, ndalama yake ikasinthidwa kukhala madola imasanduka ya minibasi.

Kenaka pali viza. Mu 2019 magulu a aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Britain anatulutsa lipoti lonena kuti munthu wa ku Africa amakanizidwa viza yokacheza m'dzikolo kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anthu a kumadera ena. Mu August 2025 dziko la United States linayamba kufuna chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 kwa a Malawi ndi a Zambia opempha viza ya ulendo waufupi. Wachinyamata wosakwatira, wopanda nyumba, wopanda ntchito yokhazikika, ndiye amene ofesi ya viza imamukayikira kwambiri kuti sabwerera, ndipo ndi yemweyo amene thandizo la ulendo likufuna kumutumiza. Bungwe limene likupereka tikiti koma osalipira viza, osatumiza kalata yoitanira nthawi ikadalipo, likupereka theka la mlatho.

Apa ndi pamene ndimaona kuti misonkhano ya m'chigawo chathu ndi yamtengo wapatali kuposa mmene timaiganizira. Msonkhano waukulu wa WIOMSA umazungulira: unachitikira ku Maputo mu 2013, ku Dar es Salaam mu 2017, ku Mauritius mu 2019, ku Gqeberha ku South Africa mu 2022. Ku Dar es Salaam munthu amafika pa basi kudzera pa Songwe, ngati mmene amapitira amalonda athu okaoda katundu ku Kariakoo. Ndalama imene ingatumize mwana mmodzi ku America ikhoza kutumiza angapo kumeneko, ndipo amene akakumane nawo ndi anthu amene adzagwire nawo ntchito moyo wawo wonse pa nyanja yomweyo. Sindikuti asapite kutali. Ndikuti woyamba ulendo asanyoze wapafupi.

Nkhawa yoti akapita sabwerera ndimaimva, ndipo ena sabwereradi. Ana anga angapo ali ku Johannesburg ndi ku Britain, mwina ena mukuwerenga pompano. Koma sindinaonepo mwana amene anakhala kwawo chifukwa chomubisira dziko. Amene amathawa kwambiri ndi amene aona kuti kwawo ntchito yawo ilibe woimva. Wasayansi amene akudziwa kuti akhoza kukhala ku Monkey Bay kapena ku Bunda n'kumafikabe kumene anzake akukumana chaka ndi chaka, ameneyo ali ndi chifukwa chokhalira.

Za madesiki zija, amayi anga, yankho lachidule ndi loti thumba lake ndi lina: mwanayu akakana tikiti, ndalamayo sibwera ku sukulu yathu, ipita kwa mwana wa dziko lina. Koma yankho limenelo silindikwanira, chifukwa likumveka ngati tikungotola zogwa. Chimene ndikukhulupirira ndi choti desiki timaligulira mwana kuti tsiku lina adzafike penapake. Mtsikanayu anakhala pa desiki lothyoka la m'kalasi mwanga zaka zinayi, atatu pa desiki limodzi. Makolo ake anagulitsa mbuzi, aphunzitsi angapo tinathera mawu pa iye, boma linamulipirira mbali ina ya maphunziro. Zonsezo zachitika kale. Chatsala ndi tikiti imodzi yoti zimene wapeza zikamveke ndi kuyesedwa ndi anthu odziwa, ndipo pamenepa ndi pamene tikufuna kuyamba kuwerengera madesiki? Chimene chikanayenera kutichititsa manyazi ndi choti tikitiyo nthawi zonse imachokera kunja, pamene maulendo a akuluakulu athu ndi owaperekeza awo ndalama zake sizisowa.

Ine ndamupempha chinthu chimodzi chokha. Ndamuuza kuti, "Mwanawe, chipepala chakocho usakachisiye mu hotela. Uchipinde bwinobwino, ukadzabwera pa holide udzachipachike pa bolodi la Fomu 3, udzawafotokozere ang'ono ako m'Chichewa." Wavomera, ngakhale akuti mawu ena a udzu wakewo sakudziwa kuti adzawamasulira bwanji. A hedi alola kuti titenge mapiriyodi awiri a Lachisanu. Achimwene a masamu aja amva, ndipo akuti adzakhala kumbuyo kwa kalasi ndi funso lawo la momwe anawerengera tinsombato.